Idalina Winayo

Ambulansi itatuluka pa geti, mufakitale munangoti zii. Makina onse anali atazimitsidwa, moti Idalina Semedo, amene anali atagwira ntchito mmenemo zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, anamva koyamba mbalame za kunyanja zikukangana padenga. Azimayi onse anali chiimire pa matebulo awo odulirapo nsomba zoika m'zitini, masizasi ali m'manja, koma panalibe wodula kanthu. Maso onse anali pa iye.

Nkhani yake inali yaifupi, ndipo aliyense anali ataimva kale kawiri. Cha m'ma 2 koloko masana, Tozé, woyendetsa kagalimoto konyamulira katundu, anapita kukatenga mabokosi m'chifiriji, chipinda chachikulu chija chimene nsomba imauma gwa ngati mwala. Anapeza chili chokhoma ndi loko. Kiyi anasowa kwa kanthawi, kenako anapezeka ali lende pa msomali, pambali pa katebulo ka kapitawo. Atatsegula, anapeza Dona Benedita, woyesa nsomba wa pakampanipo, ali thasa pa madzi oundana, milomo itada bii, kunkhongo kuli bala. Ankapumabe, koma mpweya wake unali wochita kufunafuna.

Kapitawoyo anali Idalina, ndipo msomaliwo unali wake. Komanso m'mawa wa tsiku lomwelo, anthu onse akumva, iye ndi Dona Benedita analalatirana chifukwa mayiyo anakana zitini zonse za pa mzere wa Idalina, ati nsomba yake inali yovunda. Aka kanali kachitatu mwezi womwewo.

"Paja tinanena ife kuti epuloni yabuluu si yongovala aliyense," anatero Celeste, mkazi wa Bambo Armindo osunga katundu. Sankalankhula ndi munthu, koma anakweza mawu kuti afike kumene ankapita. Udindo wa kapitawo ankauyesa wake mpaka tsiku limene unaperekedwa kwa Idalina. "Kwawoko mikangano amaithetsa choncho."

Kwawo kwa Idalina kunali misewu iwiri kuchokera pa geti la fakitale. Anachoka ku zilumba za Cabo Verde kubwera kudziko la azunguli mano akutsogolo asanagweluke. Tsiku lina akanamuyankha Celeste mpaka kumusowetsa pothawira, koma lero mlandu unali pamutu pake. Anali ndi mantha.

* * *

Insipekitala Rebelo anali atakhala pa mpando wa bwana wa fakitale, akutafuna kamtengo kotokosera m'mano. Anali munthu wooneka wotopa, wa mtundu uja umafunsa funso maso ali pa pepala.

"Kwanu ndi kuti, mayi?"

"Konkuno, bwana, ku Matosinhos."

"Ndikunena kwanu kwenikweni."

"Kuseri kwa msika wa nsomba, nyumba yachitatu."

Wapolisiyo anadzutsa mutu n'kumuyang'ana koyamba, koma funsolo sanalibwerezenso. "Nthawi ya nkhomaliro munali kuti?"

"Pa masitepe a kuseri. Ndimadyera pamenepo."

"Anzanu onse anali m'kantini, pa keke ya tsiku lobadwa la Dona Graciete. Inu keke simudya?"

Idalina akanayankha bwanji? Sabata yake yoyamba pantchito anakakhala nawo pa benchi m'kantinimo. Palibe anamutukwana, palibe anamuthamangitsa. Anthu anangoyamba kunyamula mbale zawo mmodzimmodzi, wina ati pali dzuwa, wina ati akufuna mchere, mpaka anatsala yekha pa tebulo la anthu khumi. Kuchokera tsiku limenelo chakudya chake ankadyera pa masitepe, mbale ili pa mawondo.

"Ndinazolowera, bwana," anatero. "Koma Dona Graciete anabwera kudzandiitana. Tinakhala limodzi mphindi ngati khumi. Afunseni."

"Ndawafunsa kale. Akuti sakukumbukira bwino, mutu unali pa keke."

Idalina anamva ngati wapondera sitepe imene kulibe.

"Tsono mverani," anapitiriza Rebelo. "Bambo Armindo akuti 12 koloko itadutsa ndi mphindi makumi awiri, inu munakawapempha kiyi wa chifiriji. Anakupatsani m'manja, iwo n'kupita kukantini. Akuti kuchifirijiko sanapondeko chichokere m'mawa. Mayi winanso, amene ankachokera kuchimbudzi, anakuonani mukupachika kiyiyo pa msomali. Akuti munali mutavala epuloni yabuluu imeneyi."

Apa Idalina anayang'ana epuloni yake. Nthawi ya nkhomaliro epuloniyo sinali pathupi pake. Anali ataibwereketsa kwa Quinta, mnzake wa pantchito, amene yake inang'ambika pa msomali wa bokosi m'mawa, ndipo Quinta ankatsalira kutsuka matebulo ena akudya.

Mufakitale monse akuda anali awiri okha. Idalina anali wamfupi, wonenepa, wa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi. Quinta, wochokera kudziko la Guiné, anali wamtali, wowonda, mwana wa dzulodzuloli, wa mpata pa mano. Ngakhale wakhungu akanawasiyanitsa pongomva mapazi awo. Koma pafakitalepo onse awiri ankatchedwa Idalina, ndipo akafuna kulongosola bwino ankati "Idalina winayo". Quinta anasiya kalekale kuwakonza. Mapepala ake okhalira m'dziko anali asanatuluke, ndipo munthu wodikira mapepala amavomera dzina lililonse limene wapatsidwa.

"Ndamva kuti muli awiri," anatero wapolisiyo, akutembenuza kamtengo kaja m'kamwa. "Kapena anthuwa asokoneza? Ngati ndi choncho, nenani, mubwerere kwanu."

Khomo linali lotsegula. Mawu anayi okha akanamutulutsa: epuloni inali ndi Quinta. Anaganiza za mwana wake wamkazi amene ankaphunzira unamwino ku Porto, mmene angamvere kuti mayi ake akwera galimoto ya apolisi. Kenako anaona Quinta atamangidwa unyolo, akukwezedwa ndege, kamwana kake ka zaka zitatu katatsala kwa mayi woyandikana naye nyumba.

"Kiyiyo ine sindinamugwire, bwana. Ndikudziwa zokhazo."

Rebelo anayang'ana wotchi. "Ndatsala ndi anthu khumi ndi awiri oti ndiwafunse. Pa geti pali wapolisi, palibe wotuluka. Ikakwana 5 koloko popanda chatsopano, ine ndi inu tipitira limodzi. Ndipo pempherani kuti mayi uja asamwalire."

Nthawi inali itangodutsa kumene 3 koloko.

* * *

Idalina anakamupeza Tozé panja, atakhala pa kagalimoto kake, ndudu yosayatsa ili pakati pa zala. Anali bambo wa pakamwa posatseka, woti ngakhale pamaliro anthu ankamukhazika kutali ndi anamfedwa.

"Aa, bwana kapitawo! Musandiyandikire, angati tinapangana. Ayi, ndikungocheza, khalani apa. Mayi wanga ine, ndamunyamula ndekha mayi uja, kuzizira ngati nsomba. Sindidyanso ayisikilimu ine, ndalumbira."

"Tozé, m'kantini muja anthu onse analimo?"

"Onse! Kodi pa keke yaulere pamasowa munthu? Mpaka a ku ofesi aja amati ali pa dayeti."

"Bambo Armindo?"

"Amenewo anafika mochedwa, tikuimba kale. Ndiye kutiseketsa kwake! Alowa choncho magalasi ali mbuu, oyera ngati maso a nsomba yophika, n'kugunda mpando. Ine ndati, akulu, mwayamba kale vinyo musanatigawireko? Sanaseke. Paja amaseka kawiri pa chaka, ndipo chaka chino anamaliza kale."

"Inali nthawi yanji?"

"Ine ndi wotchi tinasudzulana. Koma makandulo anali atayatsa kale, ndipo ine ndinali ndi foni m'manja kufuna kujambula Dona Graciete akulowa pansi pa tebulo. Gogo ameneyo kulowa analowa, koma kutuluka kwake tinachita kukoka anthu atatu."

Idalina anayang'ana kumwamba. Unali mwezi wa Julaye, nyengo yotentha m'dziko limenelo, dzuwa likuswa mtengo, phula la pabwalo likuchita kunamatira ku jombo. Tsiku lotere magalasi a munthu sachita nthunzi pokhapokha atachokera malo amodzi okha, ndipo aliyense wa pafakitalepo ankawadziwa malowo.

"Waauza apolisi zimenezi?"

"Za magalasi? Andifunsa za chitseko basi." Tozé anasiya kuseka. Anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. "Achemwali, ine ndili ndi ana anayi. Bwana wanga ndi yemweyo. Sindinanene kanthu ine, mwamva?"

* * *

Quinta anali m'chipinda chosinthira zovala, atadzipanikiza pakati pa makabati awiri achitsulo. Ataona Idalina anabisa nkhope m'manja.

"Achemwali, ndikhululukireni. Ndine ndinapachika kiyi uja."

"Ndikudziwa. Khala bwino, undiuze bwinobwino. Unamutenga kuti?"

"Anandipatsa ndi Bambo Armindo." Mawu ankatuluka modukaduka. "Ndinkapita kukataya madzi otsukira, ndadutsa pa kolido ya kuchifiriji. Ndangoona atulukira kumeneko, akupuma ngati athamanga. Magalasi ali mbuu. Andigwira dzanja chonchi, n'kuika kiyi. Akuti, 'Idalina, kapachike pa msomali wako, ndimupeza pomwepo.' Dzanja lawo, achemwali, kuzizira! Mpaka pano ndikulimva."

"Iwe sunawauze kuti si ndiwe Idalina?"

Quinta anamuyang'ana modabwa. "Ndinayamba ndawauzapo liti? Chaka chonse ndimangoti inde bwana."

Idalina anakhala pa benchi. Tsopano ankaona njira yonse. M'mawa muja, atapsa mtima, anakalipira Dona Benedita kuti, "Nsomba sindiwedza ndine! Kaoneni kumene ikuchokera!" Ndipo mayi uja, amene anali wouma mtima koma wachilungamo, ananena kuti akaonadi. Ndiye kuti anapita kuchifiriji nthawi ya nkhomaliro, poganiza kuti kulibe munthu. Amene anamutuma kumeneko anali Idalina yemwe.

"Tiye tikawauze apolisi."

"Ayi! Ayi, achemwali, chonde!" Quinta anagwada n'kumugwira miyendo. "Akhulupirira ndani? Iwo agwira pano zaka makumi atatu, amamwa khofi ndi bwana. Ine ndine ndani? Kiyi ali ndi zala zanga. Akangolemba dzina langa m'buku la apolisi, mapepala anga athera pomwepo. Nanga mwana wanga? Inu muli ndi chiphaso, inu ndinu wa kuno, sangakuthamangitseni."

"Sangandithamangitse, koma anganditsekere."

Quinta analira mosatulutsa mawu, ngati mmene amalirira munthu wozolowera nyumba za zipupa zopyapyala. Idalina anafuna kumukalipira, koma mkwiyo sunabwere. Mtsikanayu sankanama. Mawu ake okha, popanda china chowachirikiza, akanangosintha dzina la womangidwa.

"Ukhale momwemuno," anatero. "Usatsegulire munthu aliyense koma ine."

* * *

Njira yopita kukantini inkadutsa pa kolido yomwe ija. Inali yaitali, yopanda zenera, ndipo kumapeto kwake chitseko cha chifiriji chinali chitamatidwa tepi ya apolisi. Pambali pa chitsekocho panali shelefu ya jombo zakuda zaubweya m'kati, zimene aliyense wolowa m'chifiriji ankavala, popeza jombo zoyera za masiku onse zimaterera pa madzi oundana. Idalina anaima n'kukhudza jombo zazikulu kuposa zonse. Kunja kwake kunali konyowa.

"Mwataya chiyani kuno, a kapitawo?"

Sanamve mapazi. Bambo Armindo anali ataima kumbuyo kwake, thupi lawo litadzaza kolido yonse, jombo zoyera kuphazi, magalasi ali ngwee. Ankalankhula mofatsa ngati wansembe.

"Palibe, bambo. Ndikungodutsa."

"Ndikumva chisoni nanu. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndi mmene zimakhalira." Anasendera pafupi. Ankanunkha khofi ndi mchere. "Koma mukuzivutitsa nokha. Mwina maso anga anandinamiza, mwina anali winayo. Inu mungonena choncho, ine ndivomera. Iye uja alibe mizu kuno, akwera ndege, nkhani yatha. Inu epuloni yanu ikhala."

Kumbuyo kwa Idalina kunali chitseko cha chifiriji, ndipo ankamva kuzizira kwake kukulowa pamsana. Pa kolido yonseyo panalibe munthu wina. Anaganiza za bala la kunkhongo kwa Dona Benedita.

"Ndiganizire kaye, bambo."

"Ganizani msanga. Nthawi ikupita."

Anapatuka pang'ono, mpata wongokwana kuti adutse mowakhudza. Idalina anadutsa, ndipo sanathamange, ngakhale kuti thupi lonse linkamuuza kuti athamange.

* * *

Dona Graciete anali okha m'kantini, akupukuta tebulo limene linali loyera kale. Anali atakwanitsa zaka makumi asanu ndi limodzi kudza ziwiri tsiku limenelo, ndipo makumi anayi mwa zakazo anathera pa sizasi, moti zala zawo zinali zokhota ngati mizu. Pa tebulopo panali potsala pa keke, ndi kagawo kamodzi kokulungidwa pa pepala.

"Kameneko ndi kako," anatero osatembenuka. "Ndinakusungira."

"Sindinabwerere keke, Dona Graciete. Mwawauza apolisi kuti simukukumbukira."

"Mutu wanga ndi wakale, mwana wanga."

"Munakhala nane pa masitepe. Munati mawondo akupweteka. Munati, zaka zonsezi sindinakuitanepo, ndikupuma ntchito posachedwa, lero tiye ukadye nafe. Ine ndinakana. Zonsezi mwaiwala?"

Mayiwo anasiya kupukuta. Anakhala pa benchi, nsalu ili m'manja, n'kuyamba kuipotokola.

"Armindo ndi mlamu wanga. Mng'ono wa malemu amuna anga. Pamaliro ndi iye ananyamula bokosi. Lamlungu lililonse amadya kwanga." Anapuma mozama. "Ndinkadziwa za nsomba zija. Mabokosi amene anasungunuka tsiku lija magetsi anazima, sanawataye. Anawabisa kumbuyo kwa chifiriji, n'kumatumiza pa mzere wako pang'onopang'ono, kuti bwana aone ngati walephera, epuloni ipite kwa Celeste. Ndinkati ndi zachibwana, zitha zokha. Ndinangokhala chete. Ine kukhala chete ndi ntchito imene ndimaidziwa. Tsiku lija unakhala pa benchi iyi anthu n'kuthawa, ine ndinali wachitatu kunyamula mbale."

Wotchi ya pakhoma inkati kwatsala mphindi makumi awiri ndi zisanu kuti ikwane 5 koloko.

"Ndiye lero," anapitiriza Dona Graciete, "nditazimitsa makandulo, atsikana aja akuwa kuti pansi pa tebulo, pansi pa tebulo! Paja mwambo wake ndi womwewo, utenge kandulo imodzi, ulowe pansi, uilume, upemphe chimene mtima ukufuna. Ine ndi ukalamba wangawu ndalowa. Pansi pa tebulo, mwana wanga, suona nkhope, umaona mapazi okhaokha. Jombo zoyera, zoyera, zoyera, kuzungulira konse. Kenako zakuda ziwiri, chisanu chikadali mbuu kumphuno kwake, zikudontha madzi. Ndinadziwa mwini wake. Ndinangoti waiwala kusintha. Pamene ambulansi imabwera m'pamene ndinamvetsa."

"Kanenani zimenezi, Dona Graciete."

"Ndikanena ndapha banja."

"Mukapanda kunena mwapha ine, kapena Quinta. Sankhani mmodzi, poti kwa anthu a pano ndife munthu mmodzi yemweyo."

Mayiwo anatseka maso. Misozi inatsika m'makwinya mwawo, koma pakamwa panakhalabe potseka. Idalina anaimirira, mtima utafooka. Atafika pakhomo anaima chilili. Mawu a Tozé anamubwerera: foni inali m'manja, ankajambula gogo akulowa pansi pa tebulo. Munthu wojambula pansi pa tebulo amajambula ndi mapazi omwe.

* * *

Kutatsala mphindi zisanu kuti ikwane 5 koloko, Insipekitala Rebelo anali akuyang'ana foni ya Tozé, ataikulitsa ndi zala ziwiri. Tozé anali atapereka foniyo akulumbira kuti iye sakudziwa chimene chili mmenemo, amangojambula zilizonse ngati wamisala. Chithunzicho chinkaonetsa Dona Graciete atakwawa, kandulo ili kukamwa. Kumbuyo kwawo kunali bambo wamkulu thupi, magalasi oyera ali m'manja, jombo zakuda kuphazi. Pamwamba panalembedwa nthawi: 12:41.

"Izi zikuonetsa kuti ananama za chifiriji," anatero wapolisiyo. "Koma akhoza kunena kuti anangolowa kukatenga kanthu, kiyi n'kukupatsani pambuyo pake. Akulumbira kuti anakuonani maso ndi maso."

"Ndiye afunseni andiloze, bwana," anatero Idalina. "Koma mundipatse mphindi ziwiri."

Anakamutenga Quinta yekha. Anamuveka epuloni yabuluu ija, n'kumumangira zingwe zake ngati mwana. "Sindikugulitsa," anamunong'oneza. "Ungoima pambali panga. Ukagwa, tigwera limodzi."

Anthu onse anasonkhanitsidwa pakati pa matebulo. Azimayi awiri aja anaima kutsogolo, tizipewa toyera kumutu, wamtali atavala epuloni yabuluu, wamfupi yoyera yong'ambika. Anawaitana Bambo Armindo kuchokera kosungira katundu.

"Bambo," anatero Rebelo, "mwati mumamudziwa bwino Idalina Semedo?"

"Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, bwana. Tsiku ndi tsiku."

"Ndi amene munamupatsa kiyi?"

"Yemweyo, m'manja mwake."

"Tamulozani."

Bambo Armindo sanachedwe n'komwe. Maso awo anapita pa nsalu yabuluu, osakwera kufika kumaso, ndipo chala chinatsatira.

"Uyu."

Panamveka kaphokoso, koma kochepa, chifukwa ena mwa azimayiwo anayamba ayang'anitsitsa kaye asanadziwe chimene chalakwika. Celeste yekha ndiye anagwira pakamwa.

"Mwatsimikiza?"

"Bwana, ndingamuiwale munthu amene ndimamuona tsiku lililonse?"

Apa Quinta anatsegula pakamwa. Mawu oyamba sanamveke, anachita kuyambiranso.

"Ine si Idalina. Koma kiyi munapatsadi ine, bambo. Pa kolido, mukuchokera kuchifiriji, mutakhoma kale. Dzanja lanu linali lozizira."

"Akunama! Awa amagwirizana, onse ndi amodzi! Mukhulupirira anthu obwera, kusiya ine?"

"Nanga ine ndine wobwera, alamu?"

Dona Graciete anali atatuluka pagulu, nsalu yopukutira ija idakali m'manja.

"Bwana wapolisi, mutu wanga wabwerera. Nthawi imene akunena kuti Idalina ankapempha kiyi, Idalina anali ndi ine pa masitepe. Ndipo jombo zija ndinaziona ndi maso angawa. Kumbuyo kwa chifiriji kuli mabokosi a nsomba yovunda, atawaphimba ndi lona. Kaoneni, mudziwa chimene Benedita anapeza."

Rebelo anaonetsa foni ija kwa Bambo Armindo. Iwo anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, kenako anayang'ana mapazi awo. Zaka makumi atatu anali asanalowepo m'chifiriji osasintha jombo, ndipo ngakhale tsiku limeneli, akutsatira munthu ndi mkwiyo, mapazi anachita zimene anazolowera. Chimene anaiwala ndi kuvula.

"Ndinangomukankha pang'ono," anatero ndi mawu aang'ono. "Anaterereka yekha. Ndimati ndikatsegula keke ikatha."

Unyolo utalira, Idalina anazindikira kuti wagwira dzanja la Quinta mwamphamvu moti zala zinachita dzanzi. Mantha sanachoke nthawi yomweyo. Kuchipatala kunali kusanabwere uthenga uliwonse, ndipo Rebelo anali atatulutsa kale kabuku kake, akuyang'ana Quinta.

"Mufunika kupereka umboni, mayi. Mboni si wolakwa, musaope. Ndilemba momwemo, ndipo ndisaina ndekha."

Bwana wa fakitale, amene tsiku lonse anabisala kuseri kwa chitseko cha ofesi, anatulukira tsopano akupukuta thukuta. Anayenda molunjika, manja atatambasula, nkhope yodzaza chisoni, n'kukagwira mapewa a mtsikana wa epuloni yabuluu.

"Pepani kwambiri, Idalina. Ine sindinakukayikireni ngakhale pang'ono. Pano tonse ndife banja limodzi."

Quinta anatsegula pakamwa kuti anene inde bwana, monga mwa masiku onse. Idalina anamufinya dzanja. Mtsikanayo anayang'ana bwanayo m'maso.

"Dzina langa ndine Quinta, bwana. Quinta Indjai. Ndagwira ntchito kwa inu chaka ndi miyezi iwiri."

Bwanayo anachotsa manja ake pang'onopang'ono, maso akuyendayenda pakati pa azimayi awiriwo. Panalibe amene anamuthandiza. Rebelo anachotsa kamtengo kaja m'kamwa, n'kutsegula tsamba latsopano.

"Tanenaninso, mayi," anatero. "Pang'onopang'ono, kuti ndilembe molondola."